Zokongola za Pakhomo Panu

Masiku onse tikamba nanu za mizere, za manyowa ndi za mbewu. Lero tifuna tikambe za chinthu chimene ambiri muchipitirira osachiona, ndicho kukongola kwa ziwiya za pakhomo panu.

Tatengani lichero la amayi kunyumbako, muliyang'anitsitse. Taonani m'mene nsungwi zipitirana, zina pamwamba, zina pansi, kufikira mizere yopendekeka ioneka yokha. Amene analiluka sanaphunzire zojambula ku sukulu iai, koma anawerenga nsungwi iliyonse, ndipo akadaphonya imodzi mzere wonse ukadakhota. Tsono dziwani kuti lichero lokongola ndilo lichero lolimba. Pamene mizere yaongoka, pomwepo nsungwi zathinana, ndipo ufa sugwera pansi. Lichero lolukidwa mwaulesi lioneka loipa, ndipo litaya chakudya.

Mtsuko nawo ndi chimodzimodzi. Mayi akatha kuumba, aukulungiza ndi nkhulungo usanaumitsitse, mpaka uchita kung'anima. Ena ayesa kuti atero chifukwa cha kunyada chabe. Si choncho. Kukulungizako kutseka timabowo ta m'dothi, ndipo madzi sachucha msanga. Timizere ta pakhosi pa mtsuko ndito tokha aikapo chifukwa cha maso, ndipo ndi timizereto anthu a m'mudzi adziwa kuti waumba ndani. Denga lofolera bwino, udzu wake wometa molingana, silidontha. Mpini wosema bwino sutulutsa matuza.

Mtima wofuna kukongoletsa zinthu sunabwere ndi alendo. Ku Dedza, m'mapiri a Chongoni, kuli malo 127 kumene anthu akale anajambula pa miyala ndi m'mapanga. Zojambula zofiira zinali za Akafula, anthu osaka nyama. Zoyera anajambula ndi Achewa, alimi monga inu, ndi dothi loyera, pophunzitsa za chinamwali ndi za nyau. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo anthu achokera kutali kudzaona. Koma nanga si dothi loyera lomwelo limene amayi ajambula nalo maluwa pa khoma la nyumba m'chilimwe, inu n'kudutsapo osacheuka?

Nzeru zimenezi zili pafupi kutayika m'midzi yambiri. Beseni la pulasitiki sitilinyoza, pakuti ndi lopepuka ndiponso lotsika mtengo. Koma likang'aluka ndi dzuwa mulitaya kudzala, ndipo ndalama yanu yatsala ku sitolo. Dengu likathyoka mkombero, mkulu wa m'mudzi mwanu momwemo alikonza, ndipo kandalamako kakhala kwa mbale wanu.

Choononga chachikulu ndi moto wa tchire. Chaka ndi chaka, miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, anyamata osaka mbewa atentha nsungwi, bango, mlaza ndi tsekera. Woluka akasowa nsungwi aleka kuluka, ndipo akaleka, mwana alibe poonera. Ntchito yotere siiphunziridwa m'buku. Mwana aiphunzira atakhala pansi pambali pa agogo ake, akusenda nsungwi ndi kudzicheka zala. Agogowo akamwalira mwana asanaphunzire, palibe Boma lingathe kuibwezanso.

Chifukwa chake inu mafumu, nkhani iyi ili m'manja mwanu. Udzu usanaumitsitse, itanani anthu anu alambule kuzungulira pamene pali nsungwi ndi bango, kuti moto ulekere pomwepo. Pogawa minda, musapatse munthu malo a mtapo pamene amayi akumba dothi la mbiya. Inu a ku Dedza ndi kwina kumene kuli miyala yojambulidwa, letsani abusa a ng'ombe kusonkha moto m'mapanga ndi kulemba maina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo, chifukwa mwaye ukaphimba, sizionekanso.

Ndipo mukafika pa nyumba yozira bwino, ya khoma lojambulidwa ndi bwalo losesa, musangolandira mpando n'kuyamba milandu. Funsani dzina la amene anazira, mukalitchule pa bwalo tsiku la msonkhano, anthu onse akumva.