Cibakera Cimene Ambiri Sanacione

Omvera ambiri adziwa malo aja a ku Northmead, pafupi ndi mseu wa Great East Road, pamene pali msika, masitolo ndi tinyumba ta ometa tsitsi. Pamenepo pamakomana anthu a mbali zonse za Lusaka: wina wacokera ku Kabwata, wina ali pa ulendo wa kwao ku Chelstone, wina waweruka ku nchito ku Woodlands kapena ku Kabulonga. Amuna akakhala pa benchi kuyembekeza kumetedwa nkhani sizisowa. Ndipo pakapezeka nkhalamba ziwiri zitatu zokonda masewera a nkhonya, posacedwa mudzamva maina awiri, Sonny Liston ndi Muhammad Ali. Anthu awiriwo anamenyana komariza m'caka ca 1965, ndipo onse anafa kale, koma kufikira lero mkangano wa iwo sunathe. Akuru ananena zoona kuti mlandu suola.

Wofuna kumvetsa mkanganowu ayambe wadziwa kuti Liston anali yani. Anabadwira m'banja laumphawi ku Arkansas, m'dziko la America. Sukulu sanapite nayo patali, ndipo nkhonya anaziphunzira ali m'ndende ku Missouri. M'caka ca 1962 anagwetsa Floyd Patterson m'raundi yoyamba ku Chicago, natenga lamba wa ngwazi ya dziko lonse lapansi pakati pa amuna olemera koposa. Caka cotsatira anamgwetsanso ku Las Vegas, m'raundi yoyamba momwemo. Tsono pamene kunamveka kuti mnyamata wa zaka 22, dzina lace Cassius Clay, afuna kulimbana naye, anthu anangoseka. Zoonadi mnyamatayo anapata mendulo ya golidi pa masewera a Olympic ku Rome m'caka ca 1960, ndipo anali asanagonjepo pa nkhonya zace 19 za malipiro. Koma anali wolongolola ndi wodzitama, ndipo ambiri anati pakamwa pace ndipo padzamphetsa. Mwa olemba nkhani 46 amene anafunsidwa maganizo ao, 43 anati adzapambana ndi Liston.

Anakomana ku Miami Beach pa 25 February 1964. Clay sanaime malo amodzi. Anali kuzungulira, kulewa, ndi kubaya ndi dzanja lamanzere, kotero kuti m'raundi yacitatu nkhope ya Liston inang'ambika kunsi kwa diso. Itatha raundi yacinai Clay anabwerera ku ngodya yace maso akuyabwa ngati alowa tsabola, napempha kuti amvule magolovesi. Mphunzitsi wace, Angelo Dundee, anakana. Anamsambitsa m'maso namkankhira m'bwalo, namuuza kuti azithawa kufikira maso atayera. Anacita comweco, ndipo m'raundi yacisanu ndi cimodzi analamulira nkhonya yonse. Belu la raundi yacisanu ndi ciwiri litalira, Liston sanadzuke pa mpando wace. Anati phewa lace lamanzere lavulala.

Kukayika kunayambira pomwepo. Madokotala amene anamuyesa usiku womwewo anatsimikiza kuti phewalo linavulaladi, ndipo oganiza bwino anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Koma ena sanakhutire. Anakumbukira kuti m'caka ca 1960 aphungu a nyumba ya malamulo ya America anafufuza za zigawenga zimene zinalowerera m'masewera a nkhonya, ndi kuti ena mwa oyang'anira Liston anachulidwa pa mlanduwo. Motero anthu anayembekeza nkhonya yaciwiri kuti ithetse makani, namakumbutsana kuti nkhonya yobwezera iwawa.

Pakati pa nkhonya ziwirizo dziko linasintha. Clay analengeza kuti walowa Cisilamu, nalandira dzina la Muhammad Ali. M'mwezi wa May 1964 anayendera Ghana, kumene anaonana ndi Kwame Nkrumah, napitirira ku Nigeria ndi ku Egypt. Caka comweco, pa 24 October, Zambia inalandira ufulu wace. Ndi cifukwa cace sikudabwitsa kuti ambiri a ku Kabwata, Matero ndi Chilenje, amene anali kumva mbiri za kunja pa wailesi ndi m'manyuzipepala, anamuyesa mnyamatayo mbale wao: munthu wakuda wosaopa kudzichula yekha dzina limene afuna. Nkhonya yaciwiri inayenera kucitika ku Boston pa 16 November 1964, koma kutatsala masiku atatu Ali anadwala m'mimba, nacitidwa opareshoni. Panapita miyezi isanu ndi umodzi. Mkati mwa nthawiyo Malcolm X, amene anali bwenzi la Ali asanapatukane, anaphedwa pa 21 February 1965, ndipo panabuka mphekesera zakuti mwazi ukhoza kukhetsedwanso pa tsiku la nkhonyalo. Pomariza masewerawo anasamutsidwira ku Lewiston, tauni yaing'ono ya ku Maine, ndipo pa 25 May 1965 analowa m'nyumbamo anthu 2,434 okha.

Zimene zinacitika usikuwo zinatenga mphindi ziwiri ndi pang'ono. Liston anatambasula dzanja lamanzere, thupi lace likutsatira kutsogolo. Ali anapendekera m'mbuyo, naponya cibakera cacifupi ca dzanja lamanja pamwamba pa mkono wa mnzace. Liston anagwa. Lamulo la nkhonya liti wina akagwa, mnzace apite ku ngodya yopanda mwini, ndipo woimbira nkhonya awerenge mokweza kufikira khumi, atalandira ciwerengero kwa wosunga nthawi. Koma Ali sanapite ku ngodya. Anaima pamwamba pa Liston, akupfuula ndi kumkodola kuti adzuke. Cithunzi ca mphindi imeneyo, cimene anajambula Neil Leifer, ndico cija cipezeka pa makoma ambiri kufikira lero. Woimbira anali Jersey Joe Walcott, amene anakhalapo ngwazi iye mwini m'caka ca 1951. Iye anatanganidwa ndi kukankha Ali, ndipo sanawerenge ngakhale kamodzi. Liston anagubuduzika, nagwada, nagwanso, nadzuka. Ndipo awiriwo anayambanso kumenyana. Pamenepo Nat Fleischer, mkonzi wa magazini ya The Ring, amene anakhala pafupi ndi wosunga nthawi, anaitana Walcott namuuza kuti khumi yapyola kale. Walcott anathamangira pakati pao, nakweza dzanja la Ali. Anthu m'nyumbamo anapfuula kuti pacitika cinyengo.

Pa zimenezi okonda nkhonya agawanika patatu, ndipo magulu atatuwo mudzawapeza pa benchi ya wometa.

Gulu loyamba liti cibakeraco cinali ceniceni. Kawirikawiri amene anena izi ndi anyamata, pakuti iwo ali nayo kanema ya nkhonyayo pa foni, ndipo akhoza kuiyendetsa pang'onopang'ono. Mudzamva wina akuti, "Taonani, agogo, mutu wace wagwedezeka, ndipo phazi lanyamuka pansi, munthu wongonamizira sacita tero." Awonjeza kuti cibakera copweteka koposa ndico cimene munthu sanacione cikudza, makamaka pamene iye mwini akuciyendera. Akumbutsanso kuti Liston anali wamkuru kwa Ali ndi zaka ngati khumi, ndi kuti thupi limene analikonzera mwezi wa November silikanakhala cimodzimodzi m'mwezi wa May.

Gulu laciwiri liti Liston anadzigwetsa dala. Nkhalamba imayankha mnyamata uja kuti, "Mwana wanga, kanema ikusonyeza kuti cibakera cinafika, koma siikusonyeza kulemera kwace. Munthu amene anatyoka cibwano pa nkhonya ya 1954 namariza ali ciriri, angagonekedwe ndi kambama kotere?" Za cibwanoco anena zoona, pakuti cinatyokadi pomenyana ndi Marty Marshall. Ena a gululi ati anagulidwa ndi oseweretsa ndalama; ena ati anaopa mphekesera zija. Umboni wao waukuru ndi Ali mwini wace: ngati iye anadziwa kuti wamenya kolimba, anamkodoleranji kuti adzuke? Koma ciyambire 1965 palibe munthu anaturutsa umboni wogwirika wakuti ndalama zinaperekedwa, kapena kuti Liston anaopsezedwa.

Gulu lacitatu ndi laling'ono, ndipo mau ace samveka patali, koma ayenera kumvedwa. Ilo liti makani onsewa anabadwa cifukwa ca kusawerenga. Munthu wogwa pansi amadzuka potsata liu la woimbira. Akamva zisanu ndi ziwiri adziwa kuti nthawi yatha, nasonkhanitsa mphamvu zotsala. Liston sanamve ciwerengero ciri conse, ndipo pamutu pace panaima mdani wokwiya. Walcott akanaimitsa zonse kufikira Ali atapita ku ngodya, nayamba kuwerenga poyera, cimodzi mwa ziwiri cikanaoneka: Liston akanadzuka namenyana, kapena akanagonabe pamaso pa onse kufikira khumi. Pamenepo sipakanatsala cobisika. M'malo mwace mlandu unagamulidwa ndi liu locokera kunja kwa zingwe, la munthu amene sanali woweruza konse.

Anthu a Zambia ali naco citsanzo cao coyesera mau amenewa. Dziko lino linabala ankhonya awiri ochuka a nthawi imodzi: Lottie Mwale, wochedwa Gunduzani, amene anapata mendulo ya golidi pa masewera a Commonwealth ku Christchurch m'caka ca 1974, ndi Chisanda Mutti. Awiriwo anakomana kawiri mu Lusaka momwe muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kulimbirana lamba wa Commonwealth, ndipo Mwale anausunga nthawi zonse ziwiri. Pambuyo pace Mutti anakwera ku gulu la olemerapo, ndipo pa 19 October 1985 anamenyana ndi Lee Roy Murphy ku Monte Carlo, kulimbirana lamba wa dziko lonse wa bungwe la IBF. M'raundi ya 12 kunacitika cozizwitsa: onse awiri anaponya zibakera pa nthawi imodzi, ndipo onse awiri anagwa. Woimbira, Larry Hazzard, sanasokonezeke, anayamba kuwerenga. Murphy anadzikoka naima khumi isanakwane, koma Mutti sanakhoze. Cisoni cinali cacikuru, pakuti lamba anatsala pang'ono kubwera ku Zambia. Komabe ali yense wofuna akhoza kuyang'ana kanemayo nawerenga pamodzi ndi woimbira, ndipo palibe amene anena kuti Mutti anagulitsa nkhonya. Anagonja, koma dzina lace linatsala loyera.

Liston sanapatsidwe mwai umenewo. Atacoka ku Lewiston anapambana nkhonya 14 zotsatana, kufikira Leotis Martin anamgwetsa m'caka ca 1969. Koma anthu sanaiwale usiku uja, ndipo sanaloledwenso kulimbirana lamba amene anataya. Mkazi wace anampeza atafa m'nyumba mwao ku Las Vegas pa 5 January 1971. Ali anapitirira kukwera: anagonjetsa George Foreman ku Kinshasa, m'dziko loyandikana nalo lino, pa 30 October 1974, namwalira m'caka ca 2016 ali wolemekezeka pa dziko lonse. Koma naye anataya kanthu ku Lewiston, pakuti kupambana kumene anthu akukayika sikukoma.

Cifukwa cace inu omvera, mukadzakhala pa benchi ija ya ku Northmead, mkangano ukadzayambanso, musafulumire kuchula munthu wakufa kuti wonyenga, popeza umboni palibe. Musatsutsenso nkhalamba mwacipongwe, popeza kukayika kwao kuli ndi pogwira. Funsani cokha kuti anawerenga ndani. Funso limeneli ligwira nchito kutali ndi bwalo la nkhonya: pa bwalo la mfumu, pa msonkhano wa mpingo, ngakhale pakati pa ana awiri okangana pakhomo. Woweruza akasiya nchito yace kwa mphindi imodzi yokha, namvera liu la woonerera, mlandu umene ukanatha tsiku lomwelo umatsalira adzukuru.