Mwana "wosamva" uja mwina akufuna thandizo

Ena mwa ife tili ndi ana, ena tikulera ang'ono athu, ena ndife aphunzitsi, ena ndife azakhali amene mwana amathawirako akakalipidwa. Ndiye nkhani ya leroyi ndi yathu tonse.

Tiyambe ndi mayina amene timawapatsa ana: wosamva, wamwano, mbuli, wolodzedwa. Kuseri kwa mayina amenewa nthawi zina kumakhala vuto loti achipatala amalidziwa. Bungwe la WHO limati theka la mavuto a m'maganizo amayamba munthu asanapitirire zaka 14, komanso kuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lotere.

Pali ADHD: mwana satha kukhazikika, amaiwalaiwala, amayamba ntchito osaimaliza, amachita zinthu asanaganize. Pali autism, imene imaoneka mwana akadali wamng'ono: mukamuitana dzina satembenuka, saloza ndi chala chimene wachikonda, amachedwa kulankhula, amavutika kwambiri mukasintha zimene anazolowera. Pali nkhawa ndi kukhumudwa, zimene mwa ana zimabisala m'mawu oti "m'mimba mukuwawa" kapena "sindipita kusukulu". Ndipo mwana amene wachitidwa nkhanza akhoza kuyambiranso kukodza pogona, kulota zoopsa, kapena kungoti zii.

Kuno kwathu tisaiwale malungo a m'bongo. Kafukufuku amene anachitika ku Queens ku Blantyre anapeza kuti ana ena amene achira malungowa amadzayamba khunyu kapena kusintha khalidwe pambuyo pake.

Nanga mwana akakhala choncho, chala chimaloza ndani? Mayi. "Sunamulere bwino." "Zachokera kwanu." Ena banja limatha kumene. Tinene momveka: autism sibwera chifukwa cha kaleredwe ka mayi, sibwera chifukwa cha katemera, si ufiti. Ndipo lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, mwana yemwe.

Palinso za atsikana. Mnyamata wa ADHD amasokosa m'kalasi, aphunzitsi amamuona msanga. Mtsikana nthawi zambiri amangokhala phee, maganizo ali kwina. Timamuyamikira kuti ndi wofatsa, akalephera mayeso timati ndi waulesi, basi thandizo lamudutsa.

Kodi kuchipatala amayeza bwanji? Palibe magazi amene angaonetse ADHD kapena autism. Adokotala amafunsa mbiri: mimba inayenda bwanji, mwana anabadwa bwanji, anayamba liti kuyenda ndi kulankhula, anadwalapo chiyani. Amaona makutu ndi maso, chifukwa mwana wogontha naye satembenuka akaitanidwa. Amafufuza khunyu, chifukwa lina limangopangitsa mwana kuti tong'oo kwa masekondi ochepa osagwa pansi. Amamuyang'ana akusewera, amafuna kumvanso za kusukulu. Kuti anene kuti ndi ADHD, zizindikiro ziyenera kukhala kuti zatha miyezi 6, zinayamba asanakwane zaka 12, zikuoneka malo oposa amodzi monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zikumusokoneza pa moyo wake. Mwana wopulupudza tsiku la ukwati basi, ameneyo ndi mwana chabe. Poyeza kakulidwe ka ana aang'ono pali chida chotchedwa MDAT, chimene chinapangidwa kuno ku Malawi poyang'ana ana athu omwe.

Thandizo lake si mapiritsi okha. Kwa ana aang'ono a ADHD, choyamba ndi kuphunzitsa makolo: malangizo afupiafupi, chinthu chimodzi pa nthawi, ndondomeko yofanana tsiku lililonse, kuyamikira mwana pompopompo akachita bwino. Mankhwala monga methylphenidate amaganiziridwa mwana akafika zaka 6, ndipo adokotala amafunika kumamuona pafupipafupi. Autism ilibe mankhwala oichotsa, koma kumuphunzitsa mwana kulankhulana ndi kudzisamalira msangamsanga kumasintha zambiri. Nkhawa ndi mabala a nkhanza zimafuna uphungu. Mkwapulo suchiza chilichonse mwa izi, umangowonjezera mantha.

Tipite kuti? Tiyambe kuchipatala chapafupi ndi buku la mwana la kuchipatala, tipemphe kuonana ndi a zamaganizo. Iwo akhoza kutitumiza ku Queens, ku Kamuzu Central, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapenanso ku Zomba Mental. Tisananyamuke tilembe zimene taona: zinayamba liti, zimachitika pati, aphunzitsi akuti chiyani. Ngati tikukayikira kuti mwana wachitidwa nkhanza, tisadikire mawa: tiimbe 116 yaulere, tipite ku One Stop Centre kapena ku Victim Support Unit. Mwana akatchula zodzipha, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tikudziwa kuti akatswiri ndi ochepa, mizere ndi yaitali, thiransipoti yakwera. N'chifukwa chake tikupempha zinthu ziwiri. Abambo azibwera nawo kuchipatala, amve okha kuchokera kwa adokotala. Ndipo ife, m'magulu athu a WhatsApp, kubanki m'khonde, kutchalitchi ndi kumzikiti, tikamva mayi akunenedwa chifukwa cha mwana wake, tisasekere nawo. Timufunse kuti, "Achemwali, tikuperekezeni liti kuchipatala?"