Chaka choyamba cha ana athu ophunzira uinjiniya



Nkhani yanga lero ndi ya ku yunivesite, makamaka zimene ana ofuna uinjiniya amaphunzira chaka choyamba. Wina anena kuti, "Ife alimi a chimanga ndi nandolo zimenezo zikutikhudza pati?" Tadikirani. Mu Januwale 2015 madzi a mtsinje wa Licungo atadula mlatho ku Mocuba, magalimoto opita kumpoto anaima. Womanga ndi kukonza milatho yotere ndi injiniya, ndipo injiniyayo akhoza kukhala mwana wa kuno ku Milange.

Mwana wathu akamaliza kalasi 12 n'kupambana mayeso olowera, akhoza kupita ku UniZambeze, imene inayamba kuphunzitsa mu 2009. Za ulimi ndi nkhalango zili pafupi pomwepa ku Mocuba, zomangamanga ndi zamagetsi zili ku Beira. Ena amafika mpaka ku Eduardo Mondlane ku Maputo. Tsono akafika kumeneko amapeza chiyani? Masamu m'mawa, fizikisi masana, bolodi lodzaza manambala, mphunzitsi akuthamanga m'Chipwitikizi. Mwana uja kwawo amalankhula Chichewa kapena Chilomwe, ndipo mwina zipangizo za mu labotale anangoziona pa chithunzi. Wabwera kudzaphunzira za milatho, koma chaka chonse osakhudzako ngakhale thumba la simenti. Apa m'pamene ana anzeru amagwa mphwayi, ena n'kubwerera kumudzi mwakachetechete, makolo atagulitsa kale mbuzi.

Vutoli si lachilendo ayi. Ku Eduardo Mondlane analiona kale m'zaka za m'ma 1980, ndipo mothandizidwa ndi a ku Netherlands anayambitsa maphunziro okonzekeretsa otchedwa BUSCEP, oti ophunzira atsopano ayambe alimba pa masamu ndi sayansi asanalowe m'zakuya.

Ine maganizo anga ndi awa. Masamu asachepetsedwe, chifukwa mlatho sumvera munthu chisoni: ukalakwitsa kuwerengera, umagwa basi. Koma chaka choyambacho ophunzira azituluka m'kalasi. Apite akayeze ngalande ya pamsewu wa Mocuba ndi Milange, awerengere madzi amene imanyamula mvula ikagwa. Amasule mjigo wowonongeka, aone chimene chatha. Alumikize sola ndi batire. Akatero, manambala aja amakhala ndi tanthauzo. Ndipo miyezi yoyambirira pakhale nthawi yobwereza masamu a ku sekondale ndi kuzolowera Chipwitikizi cha m'mabuku, popanda kuchititsa munthu manyazi.

Inu amene ana anu ali kumeneko, akabwera ku holide musangofunsa kuti, "Wakhoza?" Mufunseni phunziro limene likumuvuta, ndiponso ngati ali ndi mnzake wowerenga naye. Zimene akuuzeniwo mubwere nazo ku kalabu, tidzazikambirane pa wailesi.