MALONDA ATHU PA INTANETI NDI AKATHYALI A PA FONI

Amene muli ndi foni itulutseni. Amene mulibe, sendererani kwa mnzanu. Lero choko tichisiya pang'ono.

Mwezi watha tinaphunzira kulemba chikwangwani cha sitolo. Ambiri munalemba bwino ndithu. Koma chikwangwani amawerenga ndani? Amawerenga munthu wodutsa pakhomo panu. Wogula wa ku Mocuba sadutsa pakhomo panu. Wa ku Quelimane, wa ku Nampula, wa ku Blantyre, onsewa sadziwa kuti kuseri kwa phiri la Tumbine kuli gulu la alimi losunga matumba a nandolo. Woyendetsa lole wofika pa chipata cha Muloza usiku sadziwa kumene angagone, kapena kumene angamatitse tayala. Masiku ano munthu wotere safunsa kaye pa msika. Amatulutsa foni, nalemba mawu awiri kapena atatu pa Google.

Tsono funso lathu ndi ili: akalemba, kodi akupezani?

Nkhaniyi taisankha chifukwa cha zimene zinaonekera mmodzi wa ife m'kalasi muno. Dzina sititchula, pakuti eni ake anatipempha. Mayiwa ali ndi nyumba yogona alendo ya zipinda zochepa. Mwana wawo anawatsegulira tsamba la pa intaneti. Tsiku lina foni inalira. Mwamuna wolankhula Chipwitikizi chosalala anati, "Ndine wa ku Google. Tsamba lanu lifafanizidwa Lachisanu mukapanda kulipira. Mukalipira, tikuikani pamwamba pa onse a ku Milange." Mayi anachita mantha, natumiza mametikali 3,000. M'mawa mwake nambala ija inali yotseka. Ndalama imeneyo inali ya malata. Ife sitinawaseke, ndipo inu musawaseke, pakuti ngakhale ophunzira ku sekondale amagwa mu msampha womwewu.

Tiyeni tiyambe ndi kumvetsa chinthucho.

Google ndi kampani ya ku America. Anaiyambitsa mu 1998 anyamata awiri, Larry Page ndi Sergey Brin. Ntchito yake ili ngati ya kalaliki wa kaundula wamkulu. Makompyuta ake amayenda tsamba ndi tsamba usana ndi usiku, kuwerenga mawu olembedwamo ndi kuwasunga. Munthu akafunsa, makinawo amayang'ana m'kaundulamo, nasanja mayankho, ena pamwamba, ena pansi. Palibe kalaliki wokhala pa mpando woti mum'patse nkhuku kuti akukwezeni. Kukonza tsamba lanu kuti makinawa alimvetse ndi kulionetsa kwa anthu oyenera, ndiko kumene odziwa za kompyuta amatcha SEO. Zilembo zitatuzo zisakuopseni. Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kulemba zoona m'mawu omveka, ndipo kulemba ndiko tikuphunzira kuno.

Pamwamba penipeni pa mayankho nthawi zina mumaona mawu akuti Patrocinado, kapena m'Chingerezi Sponsored. Amenewo ndi malonda olipira, monga a pa wailesi. Mwini wake akaleka kulipira, amachoka. Mayankho ena onse opanda mawu amenewa salipiridwa. Google yomwe inalemba poyera kuti palibe munthu angakulonjezeni malo oyamba. Chotero wina akanena kuti "lipirani, mawa mukhala woyamba," mwadziwa kale kuti ndi wabodza.

Nanga ife tichite chiyani?

Choyamba ndi mawu, ndipo apa tikhalitsa, chifukwa ife a kumalire nkhani yathu ndi yosiyana ndi ya anthu ena. Ife kwathu timati nandolo. Wogula wa ku Nampula salemba nandolo. Iye amalemba feijão bóer. Wa ku Limbe angalembe nandolo, kapena m'Chingerezi pigeon peas. Mbewu ndi imodzi, mayina atatu. Tsamba lanu likangonena kuti "tili ndi katundu wabwino," makina sadziwa kuti katunduyo ndi chiyani. Lembani dzina la chinthucho m'zilankhulo za anthu amene mufuna kuti agule. Chimanga, milho. Nyemba, feijão. Wa nyumba ya alendo alembe pensão. Wokonza njinga alembe kuti amakonza njinga zakapalasa kapena zamoto. Musanalembe, funsani makasitomala anu kuti, "Kodi inu mukadafuna kundipeza, mukadalemba mawu ati?" Mudzadabwa. Mawu awo si amene inu mumaganiza.

Nandoloyu tamutchula dala. Mu 2016 boma la Mozambique ndi la India anasainirana pangano la malonda a nandolo, ndipo alimi ambiri muno m'Zambezia anakuza minda. Mu 2017 mtengo unagwa, anthu nalira. Amene ankadziwa wogula mmodzi yekha, wa sikelo ya pamphambano, analandira mtengo umene iye ananena. Intaneti siikweza mtengo wa ku India, ayi. Koma gulu lopezeka ndi ogula atatu limakambirana mtengo mosiyana ndi gulu lodziwika kwa mmodzi.

Chinanso cha ife a kuno ndi dzina la malo. Tsidya lino ndi Milange. Tsidya lija la mtsinje wa Muloza ndi Mulanje. Mayinawa amafanana, ndipo anthu akutali amasokoneza. Lembani mokwana: Milange, Zambézia, Moçambique. Nambala ya foni muyambe ndi +258, kuti wa ku Malawi athe kuimba. Ngati muli ndi nambala ya ku Malawi, imayamba ndi +265, ndipo mulembe kuti iyi ndi ya tsidya lija. Dzina la sitolo, malo ndi nambala zikhale zofanana paliponse: pa chikwangwani, pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa tsamba. Mukalemba mosiyana, makina amayesa kuti ndi masitolo awiri, ndipo wogula amakayika.

Ena mufunsa kuti, "Aphunzitsi, ife ndalama ya tsamba tilibe." Musadandaule. Wamalonda wamng'ono angayambe wopanda tsamba. Google ili ndi kaundula wa masitolo woonekera pa mapu ake, Google Maps. Kulembetsamo ndi kwaulere. Mumalemba dzina, mtundu wa malonda, malo, nambala, ndi nthawi yotsegula ndi kutseka. Pambuyo pake amafuna umboni woti sitoloyo ndi yanudi, mwina ndi nambala yotumizidwa pa foni, mwina ndi kanema woonetsa malowo. Posanja masitolo pa mapu amayang'ana ngati malonda anu agwirizana ndi zimene munthu wafunsa, ngati muli pafupi naye, ndi ngati ndinu wodziwika. Tauni yathu ndi yaing'ono. Opikisana nanu ndi ochepa. Amene walemba zoona mokwanira amapezeka osavutika kwenikweni.

Zithunzi jambulani nokha, masana, za katundu wanu weniweni. Musatenge chithunzi cha hotela ya ku Maputo. Mlendo akafika naona zina, adzalemba mawu oipa, ndipo onse adzawerenga. Zithunzi zisachuluke, pakuti makasitomala athu amatsegula pa foni ndi mayunitsi ochepa, ndipo tsamba lolemera amalisiya lisanatseguke.

Kasitomala akakondwa, m'pempheni mwaulemu alembe mawu pang'ono pansi pa dzina la sitolo yanu. Ngati bungwe la alimi, mpingo, kapena wailesi ya m'dera ili ndi tsamba ndipo yakutchulani, zimenezo zimathandiza. Makina amaziona ngati umboni, monga mfumu imamvera mboni pa bwalo. Koma zonsezi zimatenga miyezi, osati masiku. Ife tiona kuti apa ndi pamene anthu amatopa, ndipo munthu wotopa ndiye chakudya cha kathyali.

Tibwerere tsono kwa akathyaliwo.

Wa mtundu woyamba mwamumva kale: wodzitcha wa ku Google. Google silipiritsa munthu kuti aoneke pa mapu, ndipo siifafaniza sitolo chifukwa mwini wake sanatumize ndalama ku nambala ya munthu. Woopseza ndi tsiku, woti "lero lomwe," m'dulireni foni.

Wachiwiri ndi wochenjera koposa. Iye safuna ndalama. Amati, "Takutumizirani manambala pa foni, tatiwerengerani." Manambala amenewo ndi kiyi wa nyumba yanu. A WhatsApp amakhala 6. Mukam'werengera, iye amalowa m'dzina lanu, inu n'kutsala panja. Kenaka amalembera makasitomala anu ndi abale anu kuti, "Tumizani ndalama pa nambala iyi." Amatumiza, poyesa kuti ndi inu. Ndalama zimataika zawo, koma mbiri yoipa imagwera inu. Nambala yachinsinsi ya M-Pesa, ya e-Mola, ya mKesh, ngakhale ya Airtel Money ndi Mpamba kwa inu ochita malonda tsidya lija, musauze munthu. Wantchito weniweni wa kampani ya mafoni saifunsa.

Apa tiime pang'ono. Tidziwa kuti ena mwa inu mumapereka foni kwa mwana wa pa msika kuti akuwerengereni uthenga. Sitikudzudzulani, pakuti mmene dziko lino linkalandira ufulu pa 25 June 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga, ndipo bala limenelo silinapole. Koma manambala munawadziwa kale m'phunziro lachitatu. Wina akuwerengereni mawu, nambala yachinsinsi mulembe ndi chala chanu, mutatembenuka.

Wachitatu amabwera ndi kalata yokoma. Amati wayang'ana tsamba lanu napeza zolakwa zambiri, ndipo akonza. Kalata yomweyo amaitumiza kwa anthu zikwi, ngakhale kwa amene alibe tsamba. Amalonjeza kukugulirani mboni: masamba mazanamazana otchula dzina lanu, ndi anthu oyamikira amene sanapondepo pa Milange. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malamulo a Google amaletsa zogula zoterezi. Akazindikira, amafafaniza mawu abodzawo, ndipo tsamba lanu lingatsitsidwe pansi kuposa pamene linali. Mwalipira kuti akukumbireni dzenje.

Wachinayi si mlendo. Ndi mnyamata wodziwika, wodziwa kompyuta, amene akupangirani tsamba. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika, ndipo ntchito yawo iyenera malipiro. Koma mvetsani ichi. Tsamba lili ndi dzina lake lolembetsedwa, monga munda uli ndi chikalata. Mayina a ku Mozambique amathera ndi .mz, a ku Malawi ndi .mw, ndipo ambiri amathera ndi .com. Dzinali salipira kamodzi kokha. Nthawi yake ikatha, kawirikawiri pa chaka, amalipiranso. Mnyamata akalilembetsa m'dzina lake, tsambalo ndi lake. Tsiku limene mudzayambana, kapena iye akadzapita ku Johannesburg, adzapita nalo. Chotero musanalipire, m'funseni kuti, "Achimwene, dzinali lilembedwa mwa yani?" Likhale mwa inu, kapena mwa gulu lanu. Akupatseni mawu achinsinsi onse, mulembe m'kope, musunge pamodzi ndi chitupa chanu. Lembaninso tsiku lodzalipira ndi kumene mumalipira. Mukatero, kalata yabodza yonena kuti dzina lanu latha siikunyengani, chifukwa tsiku mulidziwa nokha.

Mnyamata woona mudzam'dziwa. Amanena poyera chimene achite ndi mtengo wake. Salonjeza malo oyamba. Amakuonetsani masitolo ena amene anawathandiza, inu n'kukafunsa eni ake. Amalola kulemba pangano pa pepala, pamaso pa mboni ziwiri. Mwezi ukatha, musam'funse kuti muli pa nambala yanji. M'funseni kuti aimba foni anthu angati, ndipo inunso muwerenge m'kope lanu.

Palinso wogula wabodza. Dzina lanu likayamba kupezeka, iyenso amakupezani. Amati afuna matumba 200, koma muyambe mwatumiza ndalama ya lole kapena ya msonkho wa pa chipata. Wina amatumiza uthenga wonga wa kampani woti walipira, kapena woti ndalama yake yalowa kwa inu molakwika, mum'bwezere. Musakhulupirire uthengawo. Tsegulani akaunti yanu nokha, muone ngati ndalama yawonjezekadi. Ngati siinalowe, thumba lisatuluke m'nkhokwe.

Nanga zikakuonekerani? Musabise chifukwa cha manyazi. Mayi aja anakhala chete sabata ziwiri, ndipo m'sabata zimenezo mawu omwewo anafika kwa wogulitsa simenti wa mumsewu mwawo. Musafafanize uthengawo. Lembani nambala, tsiku ndi ndalama. Pitani tsiku lomwelo ku ofesi ya kampani ya foni yanu, kaya Vodacom, kaya Movitel, kaya Tmcel, ndiponso kupolisi. Sitikulonjezani kuti ndalama idzabwerera, pakuti kawirikawiri wakubayo amaitulutsa msanga. Koma nambala ingatsekedwe. Sinthani mawu achinsinsi, ndipo uzani makasitomala, a pa msika ndi a ku mpingo.

Tsopano tengani makope. Lembani mizere inayi. Woyamba, dzina la malonda anu. Wachiwiri, zimene mugulitsa, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi. Wachitatu, malo, kutchula chizindikiro cha pafupi, monga msika kapena sukulu. Wachinayi, nambala yoyamba ndi +258. Amene alibe sitolo alembe za gulu lawo la alimi. Lachinayi mubwere ndi makopewo, ndipo amene muli ndi mafoni otsegula intaneti mubwere mutatchaja. Tidzayamba ndi agogo okonza njinga aja a kumbuyoko, pakuti ndiwo anafunsa poyamba.