Mphumi Siigulidwa kwa Sing'anga

Inu abambo a pa Nguwo amene mukusoka ukonde wailesi ili pambali, inu amayi amene mukuyanika usipa pathandala, Ambuye akudalitseni. Aleluya!

Lero tikambe za mawu amodzi amene sachoka pakamwa pathu: mphumi. Tagwirani pamwamba pa maso anupo. Imeneyo ndiyo mphumi. Koma mlendo akangofika pakhomo nsima ikuphulidwa, timati, "Inu muli ndi mphumi!" Wina akafika pasiteji minibasi ya ku Salima itatsala ndi mpando umodzi, timati ndi wamphumi. Boti lina lachezera usiku wonse osapha kanthu, lina langoponya chilimila kamodzi n'kudzaza, timatinso mphumi. Taonani bwino, monsemu nkhani ndi ya nthawi: munthu wapezeka pamalo oyenera pa ola loyenera. M'mene ine ndimaonera, makolo athu anasankha chiwalo chimenechi chifukwa ndicho chimatsogola. Chimene ukukakumana nacho kutsogoloko, mphumi ndiyo imayamba kuchipeza.

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo Agiriki anali ndi mawu awiri onena za nthawi. Oyamba ndi chronos, nthawi ya pawotchi, imene imangoyenda kaya wagona kaya wadzuka. Achiwiri ndi kairos, mpata umene umatseguka kenako n'kutsekeka. Mukawerenga Machitidwe 1:7 mawu onse awiri alimo, ndipo pa Marko 1:15, pamene Yesu akuyamba kulalikira ku Galileya, mawu ake ndi kairos. Tsono chimene chinandidabwitsa ku sukulu ya Baibulo ndi ichi. Zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, mmisiri wina dzina lake Lysippos anaumba chithunzi cha kairos ngati mnyamata wothamanga, mapiko kumapazi, tsitsi lalitali pamphumi, koma kunkhongo dazi lokhalokha. Akamabwera ukhoza kumugwira. Akangokudutsa, ugwira pati? Ndinaseka ndekha m'kalasi. Ndinati, ha, ngakhale Agiriki nkhaniyi anaiika pamphumi pomwe!

Inu asodzi mumaidziwa bwino kairos kuposa ife abusa. Mwezi ukawala, nyali za siginala sizikoka usipa. Mwera ukakalipa mu Juni ndi Julaye, boti limagona kumtunda. Ndipo siginala akakuwa kuti kokani, mlovi amene akuwodzera wagwetsa anzake onse.

Koma vuto lathu nali, abale anga. Tinayamba kuganiza kuti mphumi ndi katundu wogula. Mnyamata wina anabwera kwathu usiku, sindimutchula dzina. Anagulitsa foni yake, ndalama anakapereka kwa sing'anga, anapatsidwa kabotolo ka mafuta osakaniza ndi mizu kuti azidzola pamphumi asanalowe m'nyanja. Anamuuzanso kuti tsiku limene khungu ladikiza molakwika asapite. Ndiye tsiku lina anakhaladi pakhomo, kuopa tsoka. Usiku womwewo anzake anapha usipa wosefukira, malo ake anakwera munthu wina, ndipo mwini boti sanamuitanenso. Anandifunsa akulira, "Abusa, kodi anandilodza?" Ndinati, "Mwana wanga, sanakulodze munthu. Nthawi yako inafika, iwe unali kunyumba ukulondera botolo."

Mukundimva kodi? Amen!

Tsegulani buku la Rute, mutu 2. Mayi wamasiye, mlendo wochokera ku Mowabu, alibe munda, alibe mwana. Wafika ku Betelehemu ndi apongozi ake, Naomi, pamene anthu akuyamba kukolola barele. Wadzuka m'mawa kukakunkha zotsala m'minda ya eni, ndipo wapezeka m'munda wa Boazi, m'bale wa malemu apongozi ake aamuna, osadziwa n'komwe. Tsiku lomwelo Boazi watulukira kudzaona antchito ake. Tikanakhala ife a ku Senga Bay tikanati, "Mayi uyu ali ndi mphumi." Koma Rute anadzola chiyani? Palibe. Amene anakonza kuti nyengo yokolola, munda ndi mwini munda zikumane tsiku limodzi ndi Yehova. Mbali ya Rute inali kudzuka ndi kupita, njala ili m'mimba. Kuchokera m'munda umenewo munatuluka Obedi, agogo ake a mfumu Davide.

Ndikudziwa alipo wina akundimvera kabotolo kali pansi pa mphasa, wina chithumwa chili m'chiuno. Usachite manyazi, ubwere nacho Lamulungu likubwerali, tidzachitentha kuseri kwa tchalitchi, sitidzakufunsa dzina.

Tsopano ika dzanja lako pamphumi, tipemphere. Atate, ana anu ena adikira mpaka atopa. Ena nthawi yawo inawadutsa ali m'tulo. Achitireni chifundo, muwatsegulirenso mpata, ndipo ukamadzafika muwapeze ali maso, ali pantchito yawo. Sungani onse amene alowa m'nyanja usiku uno. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.