Citsulo ca m'Dambo: Mau kwa Alimi a ku Mcinji

M'madambo a mtsinje wa Bua mumaona madzi ofiira, onyezimira pamwamba ngati mafuta. Si mafuta ai, ndi citsulo. Mvula ikalowa pansi, imasungunula citsulo ca m'nthaka. Madziwo akatumphuka m'mphepete mwa dambo nakomana ndi mpweya, citsuloco cimacita dzimbiri, ndipo pakapita zaka zambiri cimauma nkusanduka mwala. Makolo athu ankakumba miyala yotere naiyenga m'ng'anjo kuti asule makasu. Ng'anjo zina zikalipo ku Kasungu mpaka lero.

Tsono pokumba citsime, pewani malo ofiirawo, pakuti madzi ace amanunkha citsulo ndi kufiiritsa zobvala. Ndipo mukapeza ng'anjo yakale m'munda mwanu, musaigumule, kuti ana athu adzaone luso la makolo ao.