Kachipangizo ka pa Chala: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Nayuchi

 

Ambiri mwa inu mukundikumbukira ngati mwana uja ankachedwa belu chifukwa choonerera sitima pa siteshoni. Lero ndine namwino, ndipo chidandikankhira ku ntchitoyi ndi sitima yomweyo. Ndili Sitandade 6, mng'ono wanga adadwala chibayo. Amayi adayesa chimfine, nadikira masiku awiri. Pamene tinkakwera sitima ya ku Liwonde, n'kuti milomo ya mwana itada kale. Adatisiya tisanafike. Panalibe njira yodziwira msanga kuti mpweya unali kutha m'magazi mwake.

Lero njirayo ilipo, ndipo ndaibweretsa m'thumba. Kachipangizo aka dzina lake ndi pulse oximeter. Nzeru yake adaitulukira ndi katswiri wa ku Japan, Takuo Aoyagi, wa kampani ya Nihon Kohden, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Timakapanitsa pa chala, kapena pa phazi ngati ali khanda. Sikabaya, sikatulutsa magazi.

Kodi kamagwira bwanji ntchito? Kumbukirani phunziro la sayansi lija. Tikapuma, okosijeni amalowa m'mapapo, ndipo himogulobini wa m'magazi amamunyamula kupita naye m'thupi lonse. Magazi okhuta okosijeni amafiira kwambiri, pamene operewera amaderapo. Tsono kachipangizoka kamawalitsa nyali ziwiri kupyola m'chala: ina yofiira, ina yosaoneka ndi maso. Mbali inayo kamayesa kuwala kumene kwadutsa nthawi iliyonse mtima ukagunda, kenaka kamaonetsa manambala awiri: kuchuluka kwa okosijeni ndi kugunda kwa mtima.

Munthu wabwinobwino amapezeka pakati pa 95 ndi 100. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wodwala akatsika pansi pa 90 apatsidwe okosijeni. Kwa ife a kuno, tanthauzo lake ndi lakuti ulendo wa ku chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde uyambe pomwepo, osadikira kuti kuche. Tidaonanso phindu lake mu Januwale 2021 pamene Covid-19 idavuta m'dziko muno mpaka kutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi. Odwala ena ankacheza bwinobwino, koma nambala yawo itatsika moopsa.

Komatu, abale anga, kachipangizoka si dokotala. Kamanama ngati chala chili chozizira, ngati wodwala akugwedezeka, kapena ngati chikhadabo chapakidwa utoto. Munthu amene wakomoka ndi utsi wa mbaula ya makala m'nyumba yotseka angaonetse nambala yabwino chonsecho ali pa ngozi. Mwana amene malungo amutha magazi angaonetsenso 98, chifukwa kachipangizoka sikayesa kuchuluka kwa magazi. Ndiponso mu 2020 ofufuza a pa yunivesite ya Michigan ku America adapeza kuti pa anthu a khungu lakuda ngati ife nthawi zina kamakweza nambala kuposa mmene zinthu zililidi. Choncho maso asagone. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira. Chifuwa chikamalowa m'kati, akamakana kuyamwa, kapena akakomoka, thamangani naye ngakhale nambala ioneke yabwino.

A Wapampando, pempho langa ndi ili. Chaka chilichonse timasonkha ndalama za madesiki ndi malata, ndipo n'zabwino. Koma desiki limafuna mwana wamoyo. Ndikupempha kuti komiti ikakumane ndi akuluakulu a zaumoyo a m'dera lino, ikamve kwa iwo mtundu woyenera, makamaka wokhala ndi chopanira cha makanda, ndipo tigule ngakhale ziwiri pamodzi ndi mabatire ake. Tisagule mwachisawawa pa msika, pakuti zina zotchipa sizinayesedwe bwino. Kuphunzitsa ogwiritsa ntchito ndidzadzipereka ndekha pa tchuthi changa, popanda malipiro.

Mutu umodzi susenza denga. Mng'ono wanga akadakhala pakati pathu lero, mwina pa mpando uwo. Tiyeni tichitepo kanthu kuti mayi wina asadzatsike sitima ndi mwana wozizira kumbuyo.